Dzina la Magdalene pa Seva ya ku Limbe

Moni nonse okondedwa awerengi, kulikonse kumene tsamba lino lakupezani, kaya mwapanikizana mu minibasi ya ku Limbe, kaya mukupumula pakhonde. Ndiyambe ndi kuthokoza Chauta amene watidzutsa ndi moyo, pakuti kupuma tikupumaku si nzeru zathu. Ndithokozenso inu amene mumaimva nkhani ya ana awiriwa, Bonface ndi Magdalene, ngati ya ana anu. Lero mtima wanga walemera, chifukwa chimene chinamugwetsa Bonface sichinachokere kwa mdani. Chinatuluka m'zala zake zomwe.

*

Bonface anali mnyamata wa ku Bangwe wokonza makompyuta. Magdalene anali kalaliki pasitolo yaikulu yopikulitsa katundu ya a Nooruddin ku Limbe. Awiriwa anadziwana ku kwaya, ndipo chikondi chawo chinakula mwakachetechete, chodziwa Mulungu yekha.

Tsiku lina atatuluka ku kwaya, Bonface anamuperekeza Magdalene njira ya ku Kanjedza, akumwetulira ngati mwana amene wabisa switi m'thumba.

"Magi, ndili ndi nkhani yabwino. Bwana Nooruddin andipatsa ntchito kusitolo kwanu."

"Kwathu? Ntchito yanji?"

"Si iwe umadandaula kuti miyendo yatha ndi masitepe, tsiku lonse kukwera ndi kutsika ndi fulashi yonyamulira mafayilo m'manja? Makompyuta anu aja samvana. Anu a m'munsi ndi a Windows, ya Felicia m'mwamba muja ndi ya Apple, ili ndi chinenero chakechake. Ine ndikaika seva, kompyuta imodzi yaikulu yosunga mafayilo a anthu onse. Aliyense azitsegula zimene akufuna ndi kusindikiza pa pulinta iliyonse ali chikhalire pampando pake."

Magdalene sanaseke. Anaima pansi pa mtengo wa bulugama n'kumuyang'ana m'maso.

"Boni, waiwala kuti amalume ali pomwepo?"

Amalume akewo anali a Lackson, mkulu wa mpingo, amenenso ankayang'anira nyumba yosungiramo katundu pasitolopo. Ndi amene anamulera Magdalene ku Kanjedza chimwalirireni bambo ake, mayi ake ali kumudzi ku Thyolo.

"Sindinaiwale," anatero Bonface. "Mwina akandiona ndikugwira ntchito andikonda."

"Tamvera. Mwezi watha a Makwinja, mkulu mnzawo wa mpingo, anabwera kunyumba kudzanunkhiza zoti mwana wawo uja wa kubanki andikwatire. Amalume anandiitanira kuchipinda chochezera n'kundifunsa kuti, kodi pali wina? Ine manyazi anandigwira, ndinangoti ayi. Iwo anakawayankha a Makwinja kuti mwanayu alibe munthu koma sanakonzeke. Mawu a mkulu wa mpingo amenewo, Boni. Tsono nkhani yathu ikafike kwa iwo kudzera pakhomo. Malume ako abwere kuchokera ku Mulanje, ine ndiyambe ndagwada n'kupepesa kuti ndinachita manyazi. Tsiku limenelo lisanafike, dzina langa lisatuluke pakamwa pako kusitolo kuja."

"Akangokolola abwera. Pakamwa panga ndatseka ndi loko."

"Lonjeza."

"Ndalonjeza, Magi."

Analonjezadi, ndipo pakamwa pake sipanachimwe.

*

Seva ija anaikonzera m'kachipinda kake kogwirira ntchito ku Mandala. Anaikamo pulogalamu yoyendetsera makina yotchedwa Linux, anakonza mafoda a m'sitolo ndi a m'nyumba ya katundu, n'kuiphunzitsa kulankhula ndi makompyuta a mitundu yonse iwiri. Ntchito ili mkati, makinawo anafunsa funso limene amafunsa nthawi zonse: kodi seva imeneyi itchedwe dzina lanji?

Anyamata a ntchito imeneyi ali ndi chizolowezi. Makina akadali pathebulo pawo amawapatsa dzina lililonse lowasangalatsa, wina la timu ya mpira, wina la phiri lakwawo, ndipo amadzasintha pokapereka kwa mwiniwake. Bonface anali yekha, dzuwa likulowera pawindo, nyimbo ya kwaya ikumveka mumtima. Zala zake zinalemba zokha: MAGDALENE-WANGA.

Analiyang'ana dzinalo n'kuseka yekha. "Ndidzasintha," anadziuza. Ndipo analiiwala monga tiiwalira ife tonse zinthu zimene timati tidzachita mawa.

*

Loweruka masana sitolo itatsekedwa, Bonface anabwera ndi seva ija. A Nooruddin anamusiyira makiyi kwa Felicia, mtsikana amene ankakonza zithunzi ndi zikalata zotsatsira malonda pa kompyuta yake ya Apple. Felicia anali wokongola, wa pakamwa pothwa, ndipo chiyambireni Bonface kupondaponda pasitolopo kompyuta yake inkadwala kawirikawiri matenda amene ankatha okha Bonface akangokhala pampando.

"A injiniya, lero mwandidyera Loweruka langa," anatero akumupatsa fanta. "Mundilipira chiyani?"

"Ndikulipirani pulinta yomvera. Simudzatsikanso m'munsi."

"Nanga ndani wakuuzani kuti ndimadana ndi kutsika? Mukakhala muli m'munsimo ndimatsika mosangalala."

Bonface anangoweramira mawaya. Anayenda thebulo ndi thebulo, kulumikiza kompyuta iliyonse ku seva, kuonetsa iliyonse kumene kuli mafoda ndi mapulinta. Anamalizira pa ya Felicia. Mtsikanayo anaweramira pagalasi.

"Ii! Koma seva yathu ili ndi dzina lokongola bwanji!"

Bonface anayang'ana. Dzina lija linali pamenepo, zilembo zikuluzikulu, ndipo anadziwa kuti lili chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse imene anaigwira tsiku limenelo.

"Ndi dzina loyeserera chabe," anatero.

"Eti? Magdalene wake uti? Wathu wa m'munsiyu, woyenda ndi Baibulo m'chikwama?"

Apa ndi pamene Bonface anaima pamphambano. Kusintha dzinalo kunkatanthauza kuyambiranso thebulo loyamba mpaka lomaliza, chifukwa kompyuta iliyonse inali itadziwa kale kufunafuna seva ndi dzina limenelo. Ntchito ikanamutengera mpaka madzulo. Koma nthawi ya kwaya inali itayandikira, ndipo kwaya ikatha kunali kuperekeza kuja, njira ya ku Kanjedza, kamphindi kokhako m'sabata yonse kamene ankayenda pambali pa Magdalene.

"Ndibwera Lolemba m'mamawa anthu asanafike," anatero. "Chonde, achemwali, zimenezi zithere pompano."

Felicia anamwetulira, koma kumwetulirako sikunafike m'maso. "Musadandaule, a injiniya. Ine ndilibe pakamwa."

Madzulo ake anamuperekezadi Magdalene. Anaseka, anaimba pang'ono, ndipo Bonface sanamuuze kanthu poopa kumuwonongera Sabata.

*

Lolemba analawira, koma minibasi imene anakwera inafera pamsewu, kondakitala n'kumangoti, "Dekhani, mabwana, ikudzuka pompano." Pamene ankafika ku Limbe, zitseko za sitolo zinali zitatsegulidwa kalekale.

Anyamata onyamula matumba anamuona ali patali. Mmodzi anavula chipewa n'kuwerama.

"Alamu afika! Apatseni njira alamu!"

Ena anafa nacho chiseko. Wina anakweza pepala m'mwamba n'kumaliwerenga ngati chilengezo cha kutchalitchi. Mayi wina wopikula sopo anafunsa kuti ukwati ndi wa liti.

Zimene zinachitika ndi izi. A Nooruddin anafika mokondwa kudzaona makina atsopano, ndipo Felicia anati, "Bwana, bwanji aliyense asindikize pepala loyesera, tione ngati mapulinta onse akumvera?" Pepala loyesera limatuluka ndi dzina la seva. Choncho mapulinta onse, ya m'mwamba, ya pakauntala ndi ya m'nyumba ya katundu, analavula dzina la Magdalene, pepala pamwamba pa pepala. Felicia sanalankhule kanthu, monga analonjezera. Anangotola pepala limodzi n'kukaliika pathebulo la a Lackson.

Bonface anayang'ana pamalo a Magdalene. Mpando unali wopanda munthu. Juzi yake inali ikadali pampandopo.

A Nooruddin anamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anali bambo wa ndevu za imvi, wobadwira ku Limbe konko, ndipo Chinyanja ankachilankhula ngati madzi.

"Khala pansi, mwana wanga. Ntchito yako ndi yabwino. Ndasindikiza ndili pompano, pepala latulukira m'munsi, ndinakondwa ngati mwana. Koma iwe, nzeru zonse zimenezi, unalephera kuganiza chinthu chimodzi chokha?"

"Ndinalakwitsa, bwana. Linali dzina loyeserera."

"Dzina la mwana wa munthu saliyeserera. Ngakhale kwathu, nkhani ya mwana wamkazi imayambira m'nyumba, kwa akuluakulu, osati pamsika. A Lackson ndagwira nawo ntchito iwe usanabadwe. Sindinawaonepo atagwetsa nkhope ngati lero. Amubweza mtsikanayo kunyumba. Pita ukachotse dzinalo lero lomwe."

Potuluka, Bonface analemba uthenga pafoni: "Magi, pepa. Ndilole ndikufotokozere." Yankho linabwera mwachangu.

"Munalonjeza, a Bonface."

Anawerenga mawu awiri omalizawo mobwerezabwereza. Chiyambire chikondi chawo, Magdalene anali asanamutchulepo motero.

*

Kuchotsa dzinalo pa seva kunali kosavuta. Analemba SITOLO, basi. Koma atangotero makompyuta onse anasokera, akufunabe dzina lakale, ndipo mapulinta anangoti zii. Tsono ulendo uja anauthawa Loweruka anauyenda Lolemba, thebulo ndi thebulo, pamaso pa anthu onse. Aliyense ankamudzukira pampando mwaulemu wonyogodola.

Felicia anamudzukira akuyang'ana zikhadabo zake. "Mwaona? Ine pakamwa sindinatsegule."

"Ndaona, achemwali. Mulungu waonanso."

"Musandiikire Mulungu. Amene analemba dzina lija ndi ine?"

Funsolo linali loona, ndipo Bonface anangopitirira ku thebulo lotsatira.

Thebulo lomaliza linali la a Lackson, m'kaofesi ka m'nyumba ya katundu, monunkhira sopo ndi matumba a shuga. Bamboyo anadzuka n'kuima kumbuyo kwa mpando, manja kumbuyo. Bonface anakhala pampando wa munthu amene ankafuna kudzamutcha apongozi, msana ukuyaka ngati wawotha moto.

"Bambo," anayamba, osatembenuka, "ndalakwa."

"Gwira ntchito imene wadzera."

Anagwira. Atamaliza anatsika pampando n'kugwada pasimenti.

"Bambo, cholinga changa ndi chabwino. Malume anga akubwera kuchokera ku Mulanje akangokolola. Tinkafuna kudzera pakhomo."

"Pakhomo?" A Lackson sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. "Mnyamata iwe, umaimba kwaya, Mawu umawadziwa. Wolowa m'khola posadzera pakhomo amatchedwa ndani? Mwana amene uja ndinamutenga ali wosavala nsapato. Ndinamulonjeza mlongo wanga kuti tsiku lake likadzafika ndidzamva ndine woyamba, ndipo ndidzakwera basi kukamuuza ndekha. Lero ndamvera kwa makina. Ndamvera pamodzi ndi onyamula matumba, pamodzi ndi mayi wodzapikula sopo."

"Magdalene sanadziwe kanthu, bambo. Anandiletsa. Cholakwa ndi changa ndekha."

"Anakuletsa chifukwa ankadziwa kuti anandinamiza. Ine ndinaima pamaso pa a Makwinja, mkulu mnzanga, n'kunena kuti mwanayu alibe munthu. Akazi awo andiimbira kale foni, akuti, a Lackson, tamva kuti kusitolo kwanu kwatuluka makadi a ukwati. Ndiwayankhe chiyani? Kuti mkulu wa mpingo sadziwa za m'nyumba mwake, kapena kuti ndi wabodza?"

Bonface anangoweramitsa mutu. Misozi inadontha pasimenti.

"Wanga," anatero a Lackson, akutola pepala lija pathebulo. "Walemba kuti wanga. Anakupatsa ndani? Dzina walichotsa m'makina, ndaona. Tsono pita ukalichotsenso m'kamwa mwa anthu a ku Limbe. Ukatha, ubwere tidzakambirane. Dzuka, anthu akudikira katundu."

Madzi akatayika saoleka, abale anga. Bonface anatuluka akudziwa kuti ntchito imene wapatsidwayo palibe munthu angaithe.

*

Mawa lake masana anapita ku Kanjedza, nthawi imene ankadziwa kuti a Lackson ali kuntchito. Sanagogode. Anaima kunja kwa geti mpaka Magdalene, amene ankaanula zovala, anamuona. Anabwera pang'onopang'ono, maso otupa, ndipo geti sanatsegule. Analankhulana kudzera m'mipata ya zitsulo.

"Mwabwera kudzatani? Anthu akuonani awonjezere nkhani?"

"Ndabwera kudzapepesa, Magi."

"Ndimve chinthu chimodzi. Munadziwa liti kuti dzina langa lili pamakina aja?"

Bonface akanatha kunama. Sanatero.

"Loweruka."

"Loweruka! Ndiye munandiperekeza njira yonse ija, tikuimba, inu mukudziwa?"

"Ndinkafuna kukuona. Kusintha kukananditengera mpaka madzulo, ndikanaphonya kwaya. Ndinati ndilawira Lolemba."

Magdalene anagwira chitsulo cha geti n'kutseka maso. "Ndiye munagula kaulendo kamodzi ka ku Kanjedza ndi maulendo onse otsala. Mukanangondiuza, ndikanagwada kwa amalume Lamulungu, akanamva kwa ine. Akanakalipa, koma akanamva kwa ine."

"Ndikanadziwa..."

"Inenso ndikanadziwa sindikanati ayi tsiku lija. Tonse talakwa. Usiku wonse amalume sanadye. Sanandikalipire, angondifunsa kuti, mwana wanga, ndinakulakwira chiyani kuti undiope chotere? Bola akanandimenya."

"Nanga tsopano?"

"Akuti ntchito ndisiye. Mawa ndikupita kwa amayi ku Thyolo."

"Mpaka liti?"

"Sananene." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma dzina lija... munalilemberanji?"

"Ndinali ndekha, makina anafunsa dzina, ndipo mumtima mwanga munalibe lina."

Milomo ya Magdalene inanjenjemera, ngati kumwetulira kukufuna kutuluka koma kwasowa njira. Anatembenuka n'kubwerera ku zovala zake, osatsanzika.

*

Patapita masiku angapo a Nooruddin anamuitananso. Makina ankayenda bwino zedi. Palibe ankakweranso masitepe ndi fulashi. Kompyuta ya Apple ndi za Windows zinkapatsirana mafayilo ngati ana a mimba imodzi, ndipo Bonface anaona kuwawa kwake: anagwirizanitsa makina osamvana, n'kumwaza anthu amene ankamvana.

"Pali kantchito kamodzi katsala," anatero a Nooruddin, osamuyang'ana m'maso. "Mtsikana uja sabweranso. Tseka malo ake pa seva. Mafayilo ake upatse Felicia, ndi amene azigwirizira ntchito yake."

Bonface anakhala patsogolo pa seva ija. Anasamutsa foda ya Magdalene, Felicia ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Musathamange, a injiniya. Tsopano tizionana kawirikawiri, ntchito yandichulukira."

Bonface anangopitiriza ntchito. Anafika pa dzina la Magdalene pakati pa mayina a antchito, malo omaliza pamene linatsala m'makinamo, pamene linalembedwa moyenera, lopanda "wanga". Makina anafunsa ngati akutsimikizadi kulichotsa. Chala chake chinaima m'malere.

Pomwepo foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga unachokera ku Thyolo.

"Amalume aimbira amayi. Pofuna kukonza mawu awo, avomera kuti ankhoswe a mwana wa a Makwinja abwere kuno Loweruka. Amayi akuti sangatsutse mlongo wawo. Ine ndalira mpaka misozi yatha. Boni, malume ako ali kuti?"

Anawerenga kawiri. Boni. Dzina lija linabwerera, koma linabwerera pamodzi ndi lupanga. Malume ake anali kumunda ku Mulanje, chimanga chikadali chiimire, osadziwa kanthu za manyazi amene mphwawo wawaphikira. Ndipo ngakhale atavomera kusiya munda, akafikira pakhomo la munthu amene ananena kuti asabwere kufikira Limbe yense ataiwala.

Bonface anatsimikiza zimene makina ankafunsa, pakuti inali ntchito ya bwana. Dzinalo linazimirira pagalasi. Anatola chikwama chake, anamudutsa Felicia pakhomo, n'kutsika masitepe kulunjika kumene amakwerera minibasi za ku Mulanje. Panja anyamata a matumba anakuwanso kuti, "Alamu, mwatisiya?" Ulendo uno sanaweramitse mutu. Anangopemphera chamumtima kuti Ambuye amene amatsegula pamene munthu watseka amuchitire chifundo, ngakhale chitsekocho anadzitsekera yekha.

*

Okondedwa awerengi, Chauta akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Akupatseni mtima wodikira nyengo yake, ateteze mayina a amene mumawakonda m'kamwa mwanu ndi m'manja mwanu, ndipo kwa inu amene mukuyenda ndi "ndikanadziwa" pachifuwa, akupukuteni misozi ndi kukuonetsani khomo. Mtendere wake ukhale nanu. Ameni.